Ndolo Ziwiri ndi Makope a Babu

Amayi anzanga, alemekezeke Mulungu. Ndati alemekezeke! Eya, tsopano ndamva.

Iwe Tadala, lemba momwe ndikuyankhuliramu, usandikonzere mawu ngati ndine wa pa wailesi. Ukawerenge Lamlungu tikatuluka m'mapemphero ku Bur Dubai, ine ndikakhala pambali pako, chifukwa ndikayamba ndekha pagulu ndimalira n'kuiwala pomwe ndalekezera.

Dzina langa ndine Esinati Nachisale, kwathu ku Ntcheu. Ambiri mumanditi agogo a ku Barsha. Akuwerengayu ndi mdzukulu wanga, amaluka tsitsi mu saluni ku Deira, konkuno ku Dubai. Ine sukulu sindinaipondeko. Chizungu changa chothyokathyokachi ndinachitola polera ana a azungu ku Lilongwe, ndipo n'chimene chinandifikitsa kuno imvi zitayamba kale.

Ndabwera kudzakuuzani kuti ine amene, mayi wa mpingo, amene ndinkakuyambitsirani nyimbo, ndinakhalapo kazitape. Musayang'anane, mwamva bwino. Kazitape. Kenako chidakwa.

Ndinkagwira ntchito m'fulati ina ku Al Barsha, kwa anthu a ku Georgia. Dziko limenelo ndinalimvera konkuno, akuti lili kumapiri, kufupi ndi Rasha. M'nyumbamo munali madamu, wogwira ntchito pa hotela, ana awo awiri, ndi bambo awo a madamu. Dzina la bambowo sinditchula, ndinawaulula kale mokwanira. Ana ankawatcha Babu, ndiko kuti agogo, nanenso ndinkatero.

Babu ndi wolemba mabuku. Anachoka kwawo zinthu zitavuta: achinyamata ali mumsewu tsiku ndi tsiku, utsi wokhetsa misozi uli tolotolo, ena kumenyedwa, ena kutsekeredwa. Ndiye anthu amphamvu anabwera ndi kalata yoti olemba otchuka asayine, yonena kuti ana amumsewuwo ndi ogulidwa. Babu anakana. Kuyambira pomwepo dzina lawo linasanduka chotukwanira. Mtima wawo n'kale unali wodwala, madamu n'kuwatenga kuti adzapume kuno.

Koma kupuma kwake kuti! M'mawa uliwonse akangomwa tiyi, anali pa tebulo la pawindo, foni pakhutu. Ankawaimbira anthu akwawo: amayi amene ana awo ali m'ndende, aphunzitsi, manesi. Iwo n'kumalemba m'makope akuda. Zilembo zawo n'zozungulirazungulira, ngati mbedza zakolana m'thumba. Tsiku loyamba lenileni anandiuza kuti, "Esi, fumbi pukuta paliponse, koma makope awa usakhudze. Muli anthu."

Ine ndinaseka. Ndinati, "Babu, anthu mukope? Inu bwanji osangolemba nkhani zachikondi, mtima wanuwo upumeko?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Chizungu chawo chinali chothyoka ngati changa chomwe, n'chifukwa chake tinkamvana. Anati, "Kwathu wolemba si woseketsa anthu ayi. Akuluakulu akanama, anthu onse amatembenuka kuyang'ana wolemba, amvekere, nanga iwe ukuti bwanji? Ukangokhala chete, wayankha kale. Amayi awa akundiuza zimene sangauze wina aliyense. Ndikapanda kulemba, mawa anena kuti sizinachitike."

Ndinati chabwino, n'kubwerera ku mbale zanga. Zaka zitatu makope aja ndinkangowazungulira ndi kansalu kanga.

Tsopano mverani momwe Satana amavalira. Savala nyanga, amavala suti. Tsiku lina ndili ndi ana ku molo, chinyumba cha masitolo chija, pamalo osewerera paja, panafika bambo wina wosalala, n'kuyamba kuyankhula ndi ana m'chilankhulo chawo. Fungo la pafyumu wake linkafika iye asanafike, ndiye ine ndinamupatsa dzina loti Pafyumu. Anati iye ndi wosindikiza mabuku, amakonda Babu kuposa bambo ake omubereka. Akuti akufuna kuwadzidzimutsa ndi buku lokongola la zolemba zawo zatsopano, koma nkhalambayo ndi yamanyazi, singalole. "Madamu Esinati, inu mungojambula masamba ndi foni, khalas, basi."

Madamu Esinati! Ine zaka zonsezi ndani ananditchulapo madamu? Ndimangomva Esi bwera, Esi yalla fulumira, Esi mwana wasanza. Mutu unakula pomwepo. Anandipatsa foni yatsopano, sabata yotsatira ndolo ziwiri zagolide za kumsika wa ku Deira. Babu akalowa kosamba, ine kope tsegu, jambu, jambu, jambu, n'kutumiza.

Pano ndisakunamizeni, chifukwa umboni wabodza ndi tchimo lachiwiri. Ulendo woyamba ndinakhulupirira. Wachiwiri mtima unagunda. Wachitatu ndinadziwa. Pafyumu anandiuza kuti, "Masamba akumapeto aja, olembedwa manambala a foni, muziwajambula moyandikira." Buku lamphatso likufuna manambala a foni a chiyani? Ine ndinakula nthawi ya chipani chimodzi. Achimwene anga aakulu anali aphunzitsi, anatengedwa ndi galimoto pasukulu ana akuona, chifukwa munthu wina wa pamudzi pomwepo anakanena zimene anayankhula pamaliro. Anabwerako patapita zaka alibe mano akutsogolo, osafunanso kuyankhula ndi munthu. Fungo la ukazitape ndimalidziwa ine. Ndinalimva, ndinapitiriza.

Nditati ndikufuna kusiya, Pafyumu anasiya kunditi madamu. Anati, "Iwe, madamu wako akadziwa, viza yako yatha, ukwera ndege ndi chikwama chimodzi." Ndinajambulanso makope awiri.

Mmawa wina ndili kuchapa, ndinamva Babu akukuwa ngati alumidwa ndi njoka. Ndinathamanga. Anali atagwira foni. Madamu ndi amene anandifotokozera. Kunali mayi wina mphunzitsi kwawoko, mwana wake anathyoledwa nthiti mumsewu, ndipo iye anauza Babu zonse mwachinsinsi. Tsopano mawu ake enieniwo anawerengedwa pa TV, atawadula mutu ndi mchira, dzina lake ndi nkhope yake zili poyera, akumunena kuti ndi wogulitsa dziko. Ntchito inatha sabata yomweyo. Pachitseko chake anthu anapakapo penti.

Babu anati, "Kope limeneli analiona munthu mmodzi yekha."

Ine ndinangodikira kuti andiloze chala. Koma sanayang'ane ine. Ndani angaganizire nkhalamba yosadziwa ndi A yemwe? Ankanena mnzawo.

Anali ndi mnzawo amene anadziwana naye zaka makumi anayi, wolemba ndakatulo, ine ndinkawatcha a Ndevu chifukwa ndevu zawo zinkafika pachifuwa. Iwowo sanathawe, anatsala kwawo, ankapita kumsewu ndi ndodo yawo kukaima pakati pa achinyamata. Mwezi wapitawo anali atabwera kudzacheza, n'kugona m'chipinda cha makope chija sabata yathunthu, Babu akuwawerengera masamba ena. Ndiye Babu anangoti ndi iyeyu basi. Anawaimbira foni, kutukwana kwake mpaka ana anabisala kubafa. Sizinathere pomwepo. Anakhala pansi n'kulemba kalata yapoyera, yoti dziko lonse liwerenge, kuti mnzanga uyu wagulitsa anthu.

Amayi, kwawoko mawu a Babu ndi olemera. Anthu anakhulupirira. A Ndevu atapita kumsewu, achinyamata omwe aja ankawaimira anawalavulira malovu. Anzawo olemba anasiya kuwapatsa moni. Munthu wosalakwa, nkhalamba yaulemu wake, anadzitsekera m'nyumba atasenza tchimo langa. Ine ndili phee, ndikusita malaya.

Tulo tinatha. Pemphero linkandikanika. M'nyumba muja munali kachasu wawo wa mphesa, woyera ngati madzi, amene alendo ankabwera naye. Ndinayamba ndi kachitsekerero kamodzi kuti mtima ukhale pansi. Kenako theka la kapu. Kenako kapu ya tiyi yodzaza, ana akangopita kusukulu, n'kumathira madzi m'botolo kuti lisaoneke kutsika. Ndinkatafuna tinjere tonunkhira ta mu tiyi wa amwenye tija kuti fungo lisamveke. Kutchalitchi ndinasiya, mukandiimbira ndinkati madamu wandikaniza ofu. Bodza. Madamu sanandikanizepo.

Pansi penipeni ndinafika tsiku lina masana. Basi ya sukulu inkatula kamtsikana ka madamu, ka zaka zisanu, pansi pa fulati, ine n'kukhala nditaima kale pamenepo. Tsiku limenelo ndinali gone pansi kukhitchini, mutu pafupi ndi bini. Mayi wa m'basi anaimba foni yanga kasanu, ine osamva. Anamusiya mwana kwa mlonda wa pageti. Kutentha kwa kuno mukukudziwa. Ndinadzidzimuka mlonda akumenya chitseko, mwana ali kumbuyo kwake, nkhope ili psuu, akulira mopanda mawu. Ndinauza madamu kuti ndi BP. Madamu, mwana wa eni, anandigulira mankhwala ndi makina oyezera. Ndinalandira ndi manja awiri n'kunena shukran, zikomo ya kuno ija. Lemba zimenezo, Tadala, usadumphe. Usalire iwe, wolira ndine.

Miyezi inayi ndinakhala choncho.

Ndiye inafika Pasaka yawo. Iwo Pasaka yawo imabwera tsiku losiyana ndi yathu, amaphika mazira n'kuwadaya ofiira. Madamu anaitana anthu akwawo okhala kuno, anthu ngati khumi, chakudya chamasana. Ine ndinadzuka m'mamawa kukanda buledi wawo wa tchizi m'kati, amene madamu anandiphunzitsa mpaka ndinawaposa.

Tsopano mumvetse mwambo wawo wa patebulo, chifukwa ndi umene unandigwira. Iwo vinyo samangomwa aliyense payekha ngati ku bala. Amasankha munthu mmodzi wotsogolera tebulo, amati tamada. Iyeyo amaimirira ndi kapu, n'kuyankhula mawu, kenako onse amamwa. Amayamba ndi mtendere. Kenako akufa, pamenepo amadonthezera vinyo pa buledi. Kenako dziko lawo, kenako ana. Akatha izo amayamba kutchula anthu a patebulo mmodzimmodzi. Akakutchula iwe, onse amanena chabwino chimene akudziwa pa iwe, iwe uli chete. Onse akatha, umayankha ndiwe, ndipo ukamayankha palibe wokudula mawu.

Tamada anali Babu. Ine ndinkangolowa ndi kutuluka ndi mbale. Ndinawamva akutchula mphunzitsi uja, anthu n'kumwa. Kenako ndinamva, "Esi! Siya mbalezo. Bwera ukhale apa."

Ndinati, "Ayi Babu, nyama ipserera."

"Ipserere. Khala."

Anandikokera mpando iwo eni. Ndinakhala kumphepete kwa mpando, epuloni ili m'chiuno. Anandithirira vinyo. Anayankhula m'Chizungu kuti ndimve, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso.

Anati, "Ndakhala ndi anthu ophunzira moyo wanga wonse. Mnzanga amene ndinadya naye buledi zaka makumi anayi, wodziwa zilankhulo zinayi, anawerenga makope anga n'kuwagulitsa. Mayi uyu sadziwa chilembo n'chimodzi chomwe. Ndinamuuza kamodzi kokha kuti usakhudze, ndipo zaka zitatu sanakhudze. Dziko langa likanakhala ndi anthu khumi ngati Esi, ine sindikanakhala m'chipululu muno. Timwere manja okhulupirika awa."

Onse anaimirira. Onse! Azibambo a masuti, azimayi a mikanda, kuimirira chifukwa cha ine. Wina anati buledi wanga amamukumbutsa amayi ake. Wina anati ana awa aleredwa ndi mngelo. Madamu anati, "Ndi mayi anga achiwiri, akudwala koma sadandaula." Kamtsikana kaja kanabwera kudzandipsompsona patsaya, komwe kaja ndinakasiya padzuwa.

Kenako onse anakhala pansi. Maso onse pa ine. Babu anati, "Yalla, Esi. Ndi nthawi yako."

Amayi, ndinali ndi mawu okonzeka. Shukran, Mulungu akudalitseni, n'kumwa, n'kubwerera kukhitchini. Mawu atatu okha, ntchito yanga ikanatsala, viza yanga ikanatsala. Ndinaimirira. Ndinayang'ana kapu ija. Ndinaganiza za achimwene anga. Munthu amene anawanenera uja anakhala nafe pamudzi mpaka imfa yake, ankabwera kudzapempha moto, ankatipatsa moni, ndipo sanatsegulepo pakamwa. Ine ndinkamutemberera tsiku lililonse. Tsopano ndinali nditaima pamalo pake, anthu akundiwombera m'manja.

Ndinaika kapu pansi. Ndinakweza duku, chifukwa ndolo zija ndinkazivala mobisa pansi pa duku, onani uchitsiru. Ndinavula imodzi, ndinavula inayo, n'kuziika m'mbale ya Babu, pambali pa dzira lofiira. Ndinatulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kuiika pomwepo.

Ndinati, "Babu, musamwe. Si a Ndevu. Ndine."

Madamu anaimirira, mpando n'kugwa. Anayamba kukuwa m'chilankhulo chawo. Babu anamenya tebulo ndi chikhatho, mafoloko kudumpha. Anati, "Woyankha sadulidwa mawu! Khala pansi!" Nkhope yawo inali itayera ngati ufa, koma anati, "Pitiriza."

Ndinanena zonse. Za Pafyumu, za molo, za masamba a manambala, za kachasu wothiridwa madzi, za BP yabodza. Chizungu chikandithera ndinkapitiriza m'Chichewa, ndipo ndikhulupirira anamva ndithu. Nditamaliza panalibe wotafuna. Alendo ananyamuka mmodzimmodzi osatsanzika. Ine ndinapita kukhitchini, ndinaphula nyama imene inali itapserera kale, n'kukhala pansi kudikira apolisi.

Apolisi sanabwere. Anabwera Babu, patapita nthawi, akukoka mapazi. Anakhala pa kampando ka ana. Ndinayembekeza kuti andimenya ndi ndodo, ndipo ndikanalola.

Anati, "Unadziwa?"

Ndinati, "Poyamba ayi. Kenako ndinadziwa."

"Wachita bwino osabisala kumbuyo kwa kusaphunzira. Ndikanakunyoza." Kenako anati, "Ndili mnyamata, nthawi ya boma lakale lija, anandibweretsera kalata yonena wolemba mnzathu kuti ndi mdani wa anthu. Ndinali ndi mkazi woyembekezera ndi buku loyamba lodikira kusindikizidwa. Iwe sunathe kuwerenga zimene unagulitsa. Ine ndinawerenga kawiri, ndinakonzamo mawu amodzi amene analembedwa molakwika, n'kusayina. Munthuyo sanalembenso mpaka kufa. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti sindidzabwerezanso. Ndiye taona. Ndatenga cholembera chomwecho, ndamuweruza mnzanga popanda umboni, popanda kumufunsa, monga momwe amachitira anthu amene ndikulimbana nawo. Iwe unaba masamba. Amene anapha dzina lake ndine."

Ndinati, "Mundikhululukire, Babu."

Anati, "Zimenezo zidikire. Chikhululuko si chachangu, chachangu ndi anthu ali m'makopemo. Dzuka, tili ndi ntchito."

Ndipo apa mumvetsere bwino, inu amene mwina muli m'dzenje longa langa. Kulira sikukonza kanthu. Kukonza kuli ndi miyendo.

Tsiku lomwelo tinatsegula foni ija. Zithunzi zonse zinali momwemo, chifukwa kufufuta sindinkadziwa. Babu ndi madamu anaona tsamba lililonse limene ndinatumiza, n'kulemba mayina a anthu onse amene anali pangozi. Masiku atatu akuimba mafoni, kuchenjeza aliyense: mawu ako ali m'manja mwa adani, konzeka, sintha nambala, uza loya. Ena anatukwana Babu. Iwo sananene kuti ndi wantchito wanga, ankati ndine ndinalephera kusunga.

Kenako a Ndevu. Babu anati, "Uwauze ndi pakamwa pako, akuone nkhope." Anaimba foni ya kanema. Amayi, munthu uja ndinalephera kumuzindikira. Ndevu zija atameta, masaya atalowa. Ndinagwada pa matailosi n'kunena zonse, madamu akumasulira mano ali gwa. A Ndevu anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa funso limodzi lokha: "Miyezi inayi yonseyi, unkadziwa zimene zikundichitikira?" Ndinati inde. Anadula foni.

Babu analemba kalata ina yapoyera, dzina lawo lili pamwamba. Madamu anandiwerengera. Babu sanadzikometse m'kalatamo. Anati ndinanama, ndinanamizira munthu woyera, amene analavulira mnzanga abwere alavulire ine. Anandifunsa ngati angaikemo kanema wa ine ndikuvomera, poti anthu akanati nkhalambayo yangopeka wantchito kuti ipulumutse mnzake. Ndinavomera. Nkhope yanga iyi, ndi duku lomweli, yaonedwa ndi anthu a dziko limene sindinalipondepo, akunditukwana m'chilankhulo chimene sindimva. Zinandiyenera.

Ntchito inatha, musaganize kuti nkhaniyi ili ndi shuga. Madamu anati, "Za makope ndi za bambo anga. Koma mwana wanga unamusiya padzuwa utaledzera, n'kulandira mankhwala m'manja mwanga. M'nyumba muno sugonanso." Ananena zoona. Sanandisumire, anandilola kusamutsa viza, basi, ndipo chimenecho chinali chifundo chokwanira. Ndinagona pansi kwa Tadala ku Deira, m'chipinda cha atsikana asanu ndi mmodzi, mpaka ndinapeza ntchito ku Bur Dubai kwa amwenye ogulitsa nsalu. Ndinawauza ndisanalowe kuti ndinali ndi vuto la mowa. Mayi wa m'nyumbamo anati muno mulibe ngakhale dontho, ine ndinati ndiye ndafika.

Mowa sunachoke ndi pemphero limodzi, asakunamizeni. Masabata awiri manja akunjenjemera, thukuta kamukamu, kapu ya tiyi kuigwira ndi manja awiri. Amene anandinyamula ndi amai Tembo awo akhala kumbuyoko, a ku Chipata. Ndinawauza zonse. M'mawa uliwonse foni: "Amai, mwamwa?" Ine, "Sindinamwe." Iwo, "Mukanama nizamva pa mau, ine amuna anga anali chakolwa, mowa tsiku na tsiku." Ndinagwa kamodzi, paukwati wina ku Deira, ndinawauza mmawa mwake. Sanandilalikire. Anangoti, "Tiyambe futi kuwerenga masiku." Lero ndi chaka ndi miyezi iwiri osalawa n'dontho lomwe.

Koma mkwiyo wokha sunandichoke, ndipo sindikufuna uchoke. Pafyumu anasowa ngati utsi, nambala yake inafa tsiku lomwelo. Pena pake lero akununkhira mu molo ina, akutchula mwana wa munthu kuti madamu. Mphunzitsi uja ntchito sanabwezeredwe. Ndinamutumizira mawu opepesa kudzera kwa Babu, sanayankhe, ndipo alibe chifukwa choyankhira. Nanga amene anatenga mawu a mayi wolira mwana wake, n'kuwadula, n'kuwasokerera kuti amveke ngati chiwembu, anali ndani? Si mbuli ngati ine ayi. Ndi anthu a madigiri, odziwa kulemba bwino, makolo awo anagulitsa ng'ombe kuti aphunzire. Sukulu yonseyo kuti ukhale galu wa munthu wamphamvu! Ine zimandinyansa. Wolemba wina akukalamba m'chipululu chifukwa chokana kusayina bodza, wina akunenepa chifukwa cholemba bodza lomwelo, onse cholembera n'chimodzi.

Ndipo nafenso ndili nafe mkwiyo. Timakonda kunena kuti ine ndine wantchito chabe, za mabwana sizindikhudza. Bodza limenelo! Makiyi ali ndi ife. Timadziwa kabati iliyonse, mankhwala amene bwana amamwa, amene amaimba foni madamu akachoka. Munthu akafuna kugwetsa nyumba sayamba ndi bwana, amayamba ndi ife, ndi kafoni ndi mawu okoma. Wina akakuuzani kuti ingojambulani, ingondiuzani amene anabwera, musafunse kuti andipatsa chiyani. Funsani kuti alira ndani.

Dzina la a Ndevu linayera, koma osati lonse. Alipo mpaka lero amene anawerenga kalata yoyamba osawerenga yachiwiri. Kupitirira chaka, a Ndevu sanayankhe foni ya Babu. Babu ankaimbabe Lamlungu lililonse, foni n'kumangolira.

Mwezi wathawu madamu anandiimbira, koyamba chichokereni. Mawu ali owuma. Anati, "Kukubwera mlendo Loweruka. Bambo akuti buledi wa tchizi ukaphike ndiwe. Ukaphika uzipita." Ndinapempha ofu, ndinakwera sitima ya Metro, ndinafika. Ndili m'kati mokanda, belu linalira. Ndinasuzumira. A Ndevu, ndi ndodo yawo, ndevu zitayambanso kumera. Nkhalamba ziwiri zija zinaima pakhomo osagwirana chanza. Kenako a Ndevu ananena mawu amodzi, madamu anati akuti, "Wakalamba moipa." Babu anayankha kuti, "Iwenso."

Nditabweretsa buledi, a Ndevu sanandiyang'ane. Moni wanga sanayankhe. Mbale imene ndinawaikira anaikankhira pambali, sanadye n'chidutswa chomwe. Sanandikhululukire, ndipo sindinawapemphe kachiwiri, si ngongole yawo. Koma pamene ndinkavala nsapato pakhomo kuti ndizipita, ndinawamva awiriwo akukangana, mawu ali pamwamba, wina akumenya tebulo. Ndinachita mantha, ndinafunsa madamu kuti ayambanso? Madamu anati, "Ayi. Akukangana za mzere wa ndakatulo. Akhala akutero kuyambira ine ndisanabadwe."

Ndinalira mu Metro kuchokera ku Barsha mpaka ku Bur Dubai, anthu akundiyang'ana, wina mpaka anandipatsa mpando.

Umboni wanga ndi umenewo, amayi. Sindinauneneretu kuti mundiwombere m'manja, manja ndinawomberedwa kale tsiku lija ndipo anandiwotcha. Ndaunena chifukwa m'chipinda muno tilimo ambiri, ndipo ndikudziwa kuti alipo wina amene mtima ukumugunda pompano. Mwina si makope. Mwina ndi mnzako amene anachotsedwa ntchito chifukwa cha chinthu chimene unaswa iwe, kapena unatenga iwe, ndipo mpaka lero akutchedwa wakuba. Usaimirire pano, usakweze dzanja. Tikatseka ndi pemphero ine ndikakhala panja, pafupi ndi masitepe. Udzangondigwira chitenje. Ofu yanga imatha sikisi koloko, nthawi ilipo yoti ndikuperekeze mpaka pakhomo pomwe ukuopa kugogoda.